MX-5 yoikidwa turbo kunyumba ikufuka utsi wabuluu: tiyambire pati?

Spana14
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pagalaja pano pabwera Mazda MX-5 yoyamba ija ya nyali zotukuka, injini ya 1.6. Mwini wake anaiikira yekha turbo kunyumba. Anatenga turbo ya TD04 yogwirapo kale ntchito ya Subaru Impreza WRX, manifold ya ekizozi anawotcherera yekha, intercooler (yoziziritsa mpweya wochoka mu turbo) anamangirira kutsogolo kwa ledieta. Manja ali nawo ndithu, zowotchererazo n'zaukhondo. Vuto ndi utsi. Ikangotentha, ngakhale ili chiimire, kumbuyo kumatuluka utsi wabuluu wonunkha oyilo. Mukaiponda ndiye wakumbuyo saonanso msewu. Ndamasula paipi yopita ku intercooler, mkati muli chinyezi cha oyilo. Iyeyo akuti anamugulitsa turbo yakufa, ndimupezere ina. Ine mtima sukundilola kumugulitsa chitsulo china ndisanadziwe gwero lake. Compression ndayeza, masilinda onse anayi akufanana, ndipo akuti kale galimotoyi sinkadya oyilo.

Madala a Dizilo
Mwachita bwino kusathamangira kugula. Chotsani paipi yolowetsa mpweya mugwire shafuti ndi zala. TD04 imazungulira pa mabushi oyandama mu oyilo, ndiye ikakhala youma imagwedera pang'ono cham'mbali. Zimenezo si vuto bola mapiko asakhudze khoma. Chimene sitifuna ndi kusuntha kolowa ndi kutuluka. Mukatero mutiuze za paipi yobweza oyilo: kukula kwake, njira imene yadzera, ndi pomwe yakalowera.

Spana14
Shafuti ili bwino madala, siikulowa kapena kutuluka, ndipo mapiko alibe chikwawu. Paipi yobweza ndi ya labala, mkati mwake mamilimita pafupifupi 10. Ikachoka pa turbo imatsika pang'ono, kenako yagona chopingasa kuzemba shafuti ya chiwongolero, n'kukalowa pansi pa sampu. Anachotsa bawuti yokhetsera oyilo n'kuikapo bawuti yoboola pakati, paipiyo yamangidwa pamenepo. Akuti ankaopa kuboola sampu.

Madala a Dizilo
Basitu, nkhani yagona pamenepo. Turbo siinafe.

Mumufotokozere mwiniwakeyo bwinobwino, chifukwa ambiri apa ndi pomwe amaphonya. Oyilo amalowa mu turbo mokankhidwa ndi pampu, koma potuluka palibe chomukankha. Amangogwa yekha ndi kulemera kwake. Ndipo satuluka ali oyilo weniweni ayi: shafuti ija imazungulira kupitirira maulendo 100,000 pa mphindi, imamutakasa mpaka kusanduka thovu, ndipo thovu limafuna njira yaikulu kuposa madzi. Tsono inu mwalipatsa kapaipi ka mamilimita 10, kogona, kothera pansi pa oyilo wodzaza m'sampu. Zili ngati ngalande yothira mumtsinje wosefukira, madzi amabwerera kumene achokera. Oyilo akudzaza m'mimba mwa turbo mpaka kufika pa shafuti.

Chachiwiri, zimene anthu amati masili a turbo si masili a labala ngati a pa crankshaft. Ndi timaring'i tachitsulo tonga ta pisitoni, tokhala ndi kampata. Ntchito yake yaikulu n'kutchinga mpweya ndi utsi kuti zisalowe kumene kuli oyilo. Oyilo akasefukira mpaka pamenepo amadutsa basi, mbali ina kupita ku ekizozi, mbali ina ku intercooler. Ngakhale mutagula turbo yatsopano ya m'bokosi, pa paipi imeneyo ifuka tsiku lomwelo.

Zofunika: paipi ya saizi ya -10AN, kapena iliyonse yosachepera mamilimita 16 mkati, yopirira oyilo wotentha. Itsike njira yonse popanda kugona kapena kupindika ngati chigongono, ikalowe m'sampu pamwamba pa pomwe oyilo amalekeza. Muonenso thupi lapakati la turbo. Bowo lotulutsira oyilo liloze pansi, lisapendekeke kupitirira madigiri 15. Ngati lapendekeka, masulani chomangira mulizungulitse.

Boost Yokhayokha
Bwanji osangoika restrictor (kachitsulo ka bowo laling'ono kochepetsa oyilo) pa paipi yolowetsa oyilo? Oyilo akachepa utsi utha, osavutika n'kuboola sampu.

Madala a Dizilo
Ayi achimwene, pa turbo imeneyi musatero. Restrictor ya bowo la milimita imodzi ija ndi ya maturbo a ball bearing, monga Garrett GT2554R, amene amafuna oyilo wochepa. Ya mabushi imadalira oyilo wambiri kuti shafuti iyandame komanso izizire. Mukaimana, utsi uchepadi, koma mabushi apsa, ndiye pamenepo turbo ifa zenizeni. Konzani potulukira, polowera musiyepo.

Wowotcherera
Za kuboola ndiyankhe ine. Sampu ya MX-5 ndi ya aluminiyamu yokhuthala, ndiye imalola kuboola ndi kudula mazinga, ambiri amaika mazinga a saizi ya 3/8 NPT. Njira yaukhondo ndi kuichotsa, koma pa galimoto imeneyi kuti sampu ituluke mpaka mukweze injini kapena mutsitse subframe, ntchito ya tsiku lonse. N'chifukwa chake ambiri amaboolera pomwepo.

Mukasankha kuboolera pomwepo, chitani izi. Yambani ndi kadirilo kakang'ono, muzikulitsa pang'onopang'ono. Pakani girisi wambiri m'mizere ya dirilo ndi ya tap yodulira mazinga, muzitulutsa pafupipafupi n'kupukuta zinyenyeswa. Pa dirilo pomangirani chidutswa cha paipi kuti isalowe kupitirira kukhuthala kwa khoma, chifukwa kuseri kwake, pafupi kwambiri, kumadutsa paipi imene pampu imayamwira oyilo. Mukaiboola imeneyo pampu iyamba kuyamwa mpweya, presha itsika, ndipo mudzazindikira injini itagogoda kale. Ena amalowetsa mpweya wa kompuresa pang'ono kwambiri kudzera pa valve cover kuti zinyenyeswa ziziuluka kutuluka kunja m'malo mogwera mkati. Mukamaliza tsukani ndi oyilo wotsika mtengo, mumukhetse, muike watsopano ndi fyuluta yatsopano. Maginito asakunamizeni, aluminiyamu samata.

Spana14
Zikomo nonse. Ndaboola kumtunda kwa sampu, mbali ya ekizozi, ndaika -10AN yotsika molunjika. Thupi la turbo linapendekekadi, ndalizungulitsa. Intercooler ndaitsuka, munatuluka oyilo wambiri. Tsopano ikamalira chiimire utsi watheratu. Koma pamsewu, boost (presha ya mpweya wopopedwa ndi turbo) ikangokwera, ukubweranso, ngakhale si wambiri ngati kale. China chodabwitsa: ndabwerako ndapeza ndodo yoyezera oyilo yatukuka yokha, ndipo gasiketi ya valve cover yayamba kuchucha.

Wowotcherera
Mwina ndi oyilo wakale wotsalira mu sailensa akupsa? Amatenga nthawi kuti athe.

Achemwali a Mawaya
Oyilo wotsalira satukula ndodo, achimwene. Muli mpweya m'injinimo. A Spana, yang'anani pa valve cover. Pali timapaipi tiwiri. Kena kali ndi PCV, valavu yotulutsa mpweya wotsekereka m'injini, kamapita ku intake manifold. Kenako kali mbali ya ekizozi, kalibe valavu iliyonse, ndipo kuchokera kufakitale kamalumikizidwa ku paipi yaikulu yopita ku throttle. Tsatirani kachiwiriko ndi dzanja mutiuze kwathera.

Spana14
Kathera pa paipi yochokera ku intercooler kupita ku throttle. Anachita kuwotcherera kamphuno kuti kakhale pamalo pake pakale.

Achemwali a Mawaya
Ndimayembekeza zomwezo. Kale pamalo amenewo panalibe presha, injini inkangoyamwa. Lero pakudutsa boost. Ndiye turbo ikamapopa, gawo la mpweyawo likulowa m'injini kudzera pa kapaipi kameneko, n'kudzaza sampu yonse. Mpweyawo ukukwera m'paipi yanu yatsopano yobweza ija n'kutsekereza oyilo amene akufuna kutsika. Ndodo ndi gasiketi zikungochitira umboni.

Tsekani kamphunoko. Kapaipiko kasamukire kutsogolo kwa turbo, pakati pa airflow meter (choyezera mpweya wolowa) ndi pakamwa pa turbo, ndipo ndi bwino kudzera m'kachitini kotchera oyilo kuti nthunzi isamanyowetse intercooler. PCV nayo muiyeze: ipemerereni kuchokera mbali ya manifold, isatulutse mpweya. Ya fakitale siinapangidwire boost, ikakalamba imadutsitsa. Ya Mazda 323 GTX imakwana pomwepo ndipo imatseka bwino, popeza injini ya GTX, B6T, ndi yapachibale ndi imeneyi. N'chifukwa chake B6 ya mu MX-5 ili kale ndi timapaipi topopera oyilo kunsi kwa mapisitoni. Mukaisowa, ikani valavu yolola mbali imodzi pa paipi ya PCV.

Koma ine nkhawa yanga yaikulu si utsi. Mwatiuza za manifold, turbo ndi intercooler. Za petulo simunanene kanthu. ECU, kompyuta ya injini, ndi iti? Mainjekita ndi ati? Wideband, sensa yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo, ilipo?

Spana14
Zonse ndi za fakitale, achemwali. ECU yake yomwe ija, airflow meter ya kachitseko, mainjekita osasintha. Wideband palibe. Geji ya boost ikuonetsa 0.5 bar. Popeza mwafunsa: mu giya yachitatu, boost ikadzaza, ndinamva kaphokoso kopyapyala kuti tiki-tiki-tiki, ndinachotsa phazi nthawi yomweyo. Ndamasula mapulagi, ndi oyera mbuu, ndipo ya silinda yachinayi ili ndi timadontho ngati tsabola pa chadothi chija.

Achemwali a Mawaya
Galimoto imeneyo isayendenso ndi boost, chonde. Phokosolo ndi detonation, kuphulika kosalongosoka kwa petulo m'silinda, ndipo timadonthoto ndi chizindikiro chake. Pisitoni yayamba kale kumva kuwawa.

Tiwerenge limodzi. Injiniyi inatuluka ndi mahatchi 116, compression 9.4:1, mainjekita a 205cc. Mainjekita anayi amenewo, osawapanikiza kupitirira 85 peresenti, amatha kumwetsa mahatchi ongopitirira pang'ono a fakitalewo. Pa 0.5 bar mukulowetsa mpweya wochuluka ndi pafupifupi theka. Petulo wa theka limenelo achokera kuti? ECU ya fakitale siidziwa kuti kunja kuno kuli boost, ndiye siwonjezera petulo wokwanira ndipo siibweza moto m'mbuyo. 1.6 imeneyi ilibenso knock sensor yomva phokosolo yoti iipulumutse. Sensa ya oxygen imene ilipo imangodziwa za pafupi ndi 14.7:1 (magawo a mpweya pa gawo limodzi la petulo), pomwe pa boost timafuna 11.5 mpaka 12:1. Popanda wideband mukuyenda mutatsinzina.

Njira yeniyeni ndi ECU yotheka kuitchuna, monga MegaSquirt, yowerenga presha ya mu manifold, pamodzi ndi mainjekita akuluakulu. Ambiri amaika achikasu a Mazda RX-8. Mukatero airflow meter mutha kuichotsa, muike sensa ya kutentha kwa mpweya pafupi ndi throttle. Mapulagi akhale ozizirako sitepe imodzi, NGK BKR7E, mpata muuchepetse kuchoka pa 1.1 kufika 0.7 kapena 0.8 mm kuti boost isazime moto. Pampu ya petulo yakalamba limodzi ndi galimoto, muiyeze presha ili pa katundu, osati chiimire.

Boost Yokhayokha
Nanga njira yakale ija, regulator yokweza presha ya petulo boost ikamakwera, n'kubweza timing, nthawi yoyatsira moto, pa CAS (sensa ya pa camshaft)? Anthu ankayenda nazo.

Achemwali a Mawaya
Ankayendadi, pa boost yochepa, ndipo sindikuinyoza. Mumalumikiza mapini a TEN ndi GND m'kabokosi ka diagnosis, n'kubweza timing kuchoka pa madigiri 10 kufika cha pa 6. Koma taonani mtengo wake: mwabweza moto paliponse, ngakhale pomwe palibe boost, ndiye galimoto imalemera ponyamuka ndipo imatentha. Regulator nayo imakankha mainjekita aang'ono ndi presha yoposa imene anapangidwira, petulo wake n'kumangoyerekeza. Ngati mwiniwake alibe ndalama ya ECU lero, ayende kaye popanda boost mpaka aipeze. Ndipo njira iliyonse imene asankhe, wideband ikhale yoyamba kugula.

Spana14
Ndamveka naye, wavomera kudikira ECU. Pakadali pano ndichotse kapaipi ka pa wastegate (kachitseko kotayira utsi boost ikakwana) kuti boost isakwere?

Madala a Dizilo
Ayi! Mukachotsa kapaipi kameneko wastegate siitsegukanso, boost ikwera mopanda malire, injini ithera pomwepo. Chotsani kakilipi pa ndodo ya actuator, muivule pa kamkono ka chitseko, kamkonoko mukamange ndi waya chitseko chili chotsegula. Utsi uzilambalala mapiko, galimoto iziyenda ngati yopanda turbo.

Popeza pulagi yachinayi ndi imene yaonetsa, dziwaninso ichi. Injiniyi inapangidwira galimoto zokoka ndi mateyala akutsogolo, madzi ankalowa mbali ina n'kutulukira mbali inayo. Poiika chautali mu MX-5 anasamutsira thermostat kutsogolo, ndiye madzi ambiri amalowa ndi kutulukira kutsogolo komweko, silinda yakumbuyo n'kumatentha kuposa zinzake. Pa turbo ndi bwino kubweza potulukira madzi kumbuyo kwa head. Musanatero, yezani leak-down (kuchuluka kwa mpweya wothawa) pa silinda imeneyo, chifukwa compression munayeza musanamve detonation ija.

Spana14
Ndachita zonse. Kamphuno ndatseka, kapaipi kadzera m'kachitini n'kukalowa kutsogolo kwa turbo, PCV ndasintha chifukwa yakale imadutsitsadi mpweya, gasiketi ndaika yatsopano. Wastegate ndamanga chotsegula. Utsi unapitirira pang'ono mpaka sailensa itauma, tsopano kumbuyo kuli koyera, ndodo ili pamalo pake. Leak-down ya silinda yachinayi siikusiyana ndi zinzake, ndiye tapulumuka. Wideband ndawotcherera kale malo ake pa downpipe, kutali ndithu ndi turbo, sensa ikuloza chokwera kuti madzi asamaikhalire. ECU ikafika ndidzafuna mundithandize mapu oyambira oitchunira, achemwali.

Achemwali a Mawaya
Mudzandiuze. Tidzayamba ndi timing yotsika ndi petulo wochulukirapo pa sipuling'i ya wastegate yokha, osakweza boost mpaka manambala atakhazikika.

Wowotcherera
Mumuuziretu mwiniwakeyo asunge ndalama ina ya kilatchi. Ya fakitale ya 1.6 imayamba kuterera boost ikangogwira bwino, ndipo difu yake ndi yaing'ono ija ya mainchesi 6, siikonda kunyamuka mwankhanza. Ya 1.8 ndi ya mainchesi 7, koma poisintha pamafunikanso propshaft ndi ma driveshaft ake.