Madala akumagwa kumunda chiyambireni mapilitsi a shuga, ndi shuga wokwera kapena chani?

MwanaWaKuSanthe:

Moni nonse, ndikufuna nzeru kwa amene mukuwadziwa bwino matenda a shuga. Madala anga ali ndi zaka 64, amakhala kumudzi kufupi ndi Santhe, ine ndili pa boma pano ndimangopitako mwezi ukatha. Anawapeza ndi shuga chaka chatha, anawonda zoopsa, madzi kumangomwa osakhuta, usiku kutuluka panja kambirimbiri mpaka anthu anayamba kunong'ona kuti ndi matenda aja, ena akuti awalodza poti fodya wawo anayenda bwino ku okushoni ku Chinkhoma. Titapita nawo kuchipatala kachilombo sanawapeze nako koma shuga anali 300 ndi kanthu. Anawapatsa mapilitsi a mitundu iwiri, metformin ndi kena kakang'ono kolembedwa glibenclamide.

Vuto layamba pano ndi kupaliraku. Amadzuka 4 koloko, kumwa mapilitsi ndi madzi basi nkumapita kumunda osadya kanthu chifukwa masteni anawaletsa tiyi, mbatata, phala, chilichonse akuti chili ndi shuga. Ikamati 9 koloko amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, kuyankhula zosamveka komanso kukalipira aliyense, chonsecho madala ndi munthu wofatsa. Sabata yatha anagweratu pamzere, mlongo wanga anachita kuwakwezetsa ngolo. Masteni akuti shuga wakwera nde akuwachepetseranso chakudya, mtanda umodzi wa mgaiwa patsiku, kuphatikiza madzi a nimu m'mawa ndi madzulo. Kodi ndi zoona kuti wakwera? Nanga mgaiwawo ukuthandiza chani ngati munthu akungogwa?

NesiWaKU:

Achimwene imbani foni kumudzi lero lomwe musadikire mwezi uthe. Zimene mwafotokozazo zikuoneka kuti si shuga wokwera ayi, ameneyo ndi wotsika, ndipo ndi amene amapha msanga. Wokwera nthawi zambiri amamudya munthu pang'onopang'ono kwa zaka, koma wotsika munthu atha kukomoka pamzere pomwepo osadzukanso.

Mapilitsi awiriwo sagwira ntchito mofanana. Metformin amaletsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi komanso amathandiza thupi kuti liziyimvera insulini (timadzi ta m'thupi timene timatsitsa shuga m'magazi), payekha sagwetsa munthu kawirikawiri, chake nkutsegula m'mimba ndi nseru ukamwa osadya. Koma glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye iye alibe nazo ntchito, ndipo amakhala m'thupi pafupifupi tsiku lonse. Nde taganizani, bambo amwa 4 koloko m'mimba muli pululu kenako khasu maola asanu, minofu ikukoka shuga yense wotsala, ubongo utsala ndi chani? Ubongo umayendera shuga, ukamusowa mpamene munthu amayamba kukalipa ndi kubwebweta, ambiri amangomuyesa woledzera.

Pa kamakina koyezera kaja, wotsika ndi akafika pansi pa 70, kapena pansi pa 3.9 ngati makinawo ali owerenga manambala ang'onoang'ono. Koma ngakhale palibe makina, akayamba kunjenjemera ndi thukuta musamadikire, sungunulani shuga masipuni atatu aang'ono m'kapu ya madzi amwe, kapena theka la botolo la Fanta. Pakatha mphindi 15 ngati sizikusintha bwerezani, akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Ngati akomokeratu musawathire madzi m'kamwa atha kutsamwa, agonekeni cham'mbali, pakani shuga kunsi kwa tsaya m'katimu ndi chala nkuthamanga nawo kuchipatala, ndipo ngakhale adzuke panjira pitirizani ulendo chifukwa ndi glibenclamide shuga amatha kutsikanso patapita maola.

China, a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ananena kale kuti glibenclamide siwoyenera kwenikweni kwa anthu opitirira zaka 60, amalimbikitsa mapilitsi ena otchedwa gliclazide, makamaka ngati impso zayamba kufooka poti glibenclamide amachedwa kutuluka m'thupi. Musawasiyitse nokha ayi, tengani buku lawo la kuchipatala mupite nawo sabata ino, mukanene momveka kuti akumagwa kumunda ndipo amagwa nthawi yakuti, adokotala aone ngati achepetse kapena asinthe. Pakadali pano lamulo ndi limodzi, kapilitsi kakang'onoko kasamalowe m'mimba mopanda chakudya.

MphunzitsiWopuma_Chamama:

Anesi anena zonse, ine ndingowonjezera za kumudzi poti ndakhala nawo matendawa zaka zambiri ndipo pano ndili pa jakisoni wa insulini. Amayi anuwo musawakalipire, akuchita zimene anamva. Kuchipatala pamzere pamakhala anthu ambiri, malangizo amaperekedwa mwachangu ndipo chimene munthu amafika nacho kunyumba ndi mawu awiri basi, shuga ayi, mgaiwa eya. Nde mayi wachikondi amangotseka chilichonse.

Nkhani ya mgaiwa anthu amayimva molakwika mbali zonse ziwiri. Ena amaganiza kuti mgaiwa ndi mankhwala nde amadya mitanda isanu nkumadabwa kuti shuga sakutsika. Mgaiwa ndi chimanga chomwecho, m'mimba umasanduka shuga basi, ubwino wake ngwakuti gaga sanachotsedwe nde umalowa m'magazi mochedwerako kusiyana ndi ufa woyera woviika uja. Chofunika ndi kuchuluka kwake ndi zimene wadyera. Ine mbale yanga theka ndi masamba, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, zilizonse za nyengoyo, zotendera ndimadya ndithu poti nsinjiro kuno sitigula. Gawo lina nyemba kapena khobwe, usipa, dzira, nsima nkumakhala kagawo kotsalako. Koma munthu wogwira khasu m'mawa wonse sangafanane ndi ine wokhala pakhonde, bambo anuwo akufunika kudya katatu, ndipo asanapite kumunda amwe phala la mgaiwa lothira nsinjiro lopanda shuga, kapena mbatata yowiritsa imodzi yapakatikati. M'thumba la malaya muzikhala maswiti atatu kapena shuga wokulunga m'kapepala, ndipo amene amalima nawo adziwe kuti ali thumba liti. Ine ngakhale ku tchalitchi ndimapita nawo, ana amandiseka kuti agogo ndi wakuba maswiti kkkk.

Chimene ndikufuna muchite mukapita kumudziko, avuleni nsapato muone mapazi, ngati amavala nkomwe. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha, mapazi amachita dzanzi kapena kuyaka usiku, kenako samvanso kanthu. Mnzanga wina tinkakumana naye ku kiliniki anabaidwa ndi chitsa cha chimanga kuphazi pokonza mizere, sanamve, anazindikira patapita masiku poona sokosi yamata ndiponso fungo. Anayamba ndi kuthira phulusa ndi ufa wa m'makapisozi, pamene ankamutumiza ku Lilongwe chala chinali chitada kale ndipo anabwerako wopanda phazi. Nde kumunda majombo, asanavale azikutumula kaye kuti mwina mwalowa kamwala kapena chinkhanira, madzulo asambe mapazi nkupukuta pakati pa zala, wina awaone pansi ndi tochi. Mwezi wa June kukazizira asamayandikize mapazi kumoto, ambiri amapsa osadziwa.

Ngati tsiku lina adzawaika pa jakisoni musadzaope za filiji. Ine insulini yanga ndimayika m'kabotolo kotseka bwino nkuika mu mtsuko wadothi wokhazika pamchenga wonyowa pakona pozizira m'nyumba, botolo lotsegula limatha mwezi bwinobwino. Chongopewa ndi dzuwa basi.

Jah_Wimbe:

Man osavutika ndi mapilitsi a azungu awa, amangokupanga kapolo moyo wonse. Chamwamba, nimu ndi aloe vera kuphatikiza, miyezi itatu shuga amatheratu. Malume anga anachira nazo, pano akumwa tiyi wa shuga bhobho.

Nabanda_Nkhamenya:

A Jah, malume anuwo anakayezetsanso liti? Chifukwa shuga wokwera munthu amatha kuyenda naye zaka akumva bwino pamene m'kati maso ndi impso zikutha. Chamwamba dyani ngati ndiwo palibe akuletsa, koma munthu akugwa kale ndi shuga wotsika inu mukuti amuwonjezere zowawa zimene palibe akudziwa muyezo wake, mukufuna maliro eti.

Kwa mwini funso, ine ndimawerenga za zaumoyo nde ndigawaneko pang'ono. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 pa 100 alionse m'Malawi muno anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP, ambiri osadziwa nkomwe. Ziwirizi zimayendera limodzi ndipo zikakumana ndi zimene zimabweretsa sitiroko ndi kufa kwa impso, nde mukapita akawayezenso BP, musangoti shuga basi. Munthu wa shuga alinso ndi mwayi wodwala TB pafupifupi katatu kuposa wopanda, nde bambo akayamba chifuwa chosatha musamangoti ndi fumbi la fodya mu chigafa. Maso nawo ayenera kuonedwa kamodzi pachaka ngakhale akuona bwino, ku Kamuzu Central kuli chipatala cha maso cha Lions, ndipo akutumizani ndi kalata kuchokera pa boma.

Chimene chandigwira mtima pa nkhani yanu nchakuti bambo ndi owonda, olima, osati abwana amimba amene timawaganizira tikamva za shuga. Kuno kwathu odwala otere ndi ambiri. Mu April 2025 bungwe la International Diabetes Federation pa msonkhano wake ku Bangkok linavomereza mtundu wina umene akuutcha type 5, umene umagwira anthu owonda amene anakula moperewera zakudya, kapamba wawo sanakule bwino nde amatulutsa insulini yochepa. Sindikunena kuti bambo anu ali ndi umenewo ayi, ambiri mwa otere amapezeka akadali achinyamata, koma zikungosonyeza kuti malangizo oti chepetsani kudya kuti muwonde sangagwire kwa aliyense. Munthu wowonda kale kumumana nsima nkumupweteka.

MwanaWaKuSanthe:

Zikomo kwambiri nonse, ndaimba kumudzi. Masteni anayamba akana kaye kuti iwe ukufuna kuwapha bambo ako, adokotala anati shuga ayi, ndinachita kuwawerengera zimene alemba anesi mawu ndi mawu mpaka anati chabwino phala aziphika. Mlongo wanga waulula kuti tsiku anagwalo mayi wina woyandikana naye munda anawapatsa nzimbe mobisa ndipo anatsitsimuka asanafike nkunyumba komwe, iye ankaopa kunena. Ndinyamuka Lachitatu ndikawatenge. Funso lina, madala Loweruka amakonda kukakhala ndi anzawo pa kachasu ngakhale amakana, komanso thobwa pamaliro sawasiya, zimenezi nanga? Komanso tsiku la kiliniki amati tibwere osadya, nde mapilitsi aja amwe kapena ayi?

NesiWaKU:

Thobwa ndi ufa ndi chimera, kuwonjezera shuga amene amathiramo, limakweza msanga, kakapu kamodzi pamaliro si mlandu koma osati chigubu. Kachasu ndiye woopsa mwanjira ina, mowa umatangwanitsa chiwindi nkulephera kutulutsa shuga wosungidwa uja, nde ukakumana ndi glibenclamide munthu amatsika usiku ali mtulo ndipo anzake amangoti msiyeni waledzera agone. Auzeni poyera zimenezi, ndipo muuzenso mmodzi mwa anzawo omwa nawowo. Akakanika kusiya, asamwe m'mimba mopanda kanthu ndipo adye asanagone.

Za kiliniki, abwere osadya inde koma kakang'onoko asamwe kunyumba. Tengani mapilitsi onse m'mapaketi ake, buku, ndi chakudya m'kontena, akangowabaya chala adye pomwepo nkumwa mankhwala. Kuchoka ku Santhe kudzafika pa boma kenako kudikira pamzere ndi nthawi yaitali, nde shuga wa m'kapepala uja akhale m'thumba lanu inuyo. Madzi a nimu aleke kaye, ndipo mukawauze adokotala kuti amamwa ndi kuchuluka kwake.