Kusinkhasinkha pakhomo tsiku ndi tsiku: zingatheke bwanji osadukiza?

Mayi wa ku Kawale:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya kusinkhasinkha, kuja munthu umakhala phee n'kumatsatira mpweya wako kuti maganizo akhazikike. Munthu angatani kuti chikhale chizolowezi, osangoyamba masiku atatu n'kusiya? Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, ana alipo, ndipo maminibasi amayamba kuimba mahutala kusanache. Nthawi yabwino ndi iti, mphindi zingati, nanga tulo tikabwera n'kutani?

Malume a ku Area 25:
Achemwali, choyamba chepetsani mphindi. Ambiri amalephera chifukwa amayamba ndi theka la ola, thupi lisanazolowere ngakhale kukhala chete. Yambani ndi mphindi 5 kwa masabata awiri, kenako 10. Mukafika pa 15 kapena 20 osavutika, ndiye kuti zakwana.

Musamange chizolowezichi pa wotchi, chimangeni pa ntchito imene mumachita kale m'mawa uliwonse. Kuno ku Lilongwe kumacha cha m'ma 5 koloko mu Novembala, koma mu Juni dzuwa limatuluka 6 koloko itakwana, ndiye wodalira kuwala amasokonezeka nyengo ikasintha. Koma mukanena kuti "ndikangotereka madzi osamba, ndikhala pansi", madziwo ndiwo azikukumbutsani. Pamene akufunda, mphindi zanu zakwana, ana asanadzuke.

Kakhalidwe kake: mpando wamba ndi wokwanira, mapazi onse pansi, msana osatsamira. Ngati mukufuna pamkeka, pindani bulangete kanayi mukhalirepo kuti matako akwere kuposa mawondo, apo ayi miyendo ichita dzanzi ndipo msana ukhota. Manja pantchafu. Tcherani alamu ya mawu ofatsa, foni muivundikire patali, data muzimitse.

Mukatero werengani mpweya wotuluka: wani, thuu, mpaka teni, n'kuyambiranso. Osaukoka dala, usiyeni uziyenda wokha. Mukazindikira kuti muli pa ndalama ya lendi kapena ndiwo za madzulo, bwererani pa wani mosadzikalipira. Kubwererako ndiye ntchito yeniyeniyo. Ambiri amasiya poganiza kuti m'mutu muyenera kukhala mbee, pamene maganizo sasiya kubwera ngakhale kwa amene achita izi zaka zambiri.

Aphunzitsi a ku Biwi:
Ndiwonjezere pa za tulo ndi phokoso. Tulo timabwera pa zifukwa zitatu kawirikawiri: kuchitira pabedi, kuchita mutangodya nsima, ndi kuwerama. Choncho chokani pabedi, sukusulani ndi madzi ozizira, ndipo musatsinzine kwathunthu. Maso ayang'ane pansi chapafupi, ngati mita imodzi kutsogolo kwanu. Mukaona mutu ukugwa, imirirani mumalizitse chiimirire. Koma ngati mumagona maola anayi okha usiku, vuto si kusinkhasinkha ayi, thupi likufuna tulo take.

Phokoso musalimbane nalo. Kondakitala akamaitana, tambala akamalira, ingomvani mawuwo mmene akuyambira ndi mmene akuthera, n'kubwerera ku mpweya. Chimene chimasokoneza kwenikweni ndi wailesi kapena anthu olankhula, chifukwa mutu umatsatira nkhani. Pamenepo sunthirani kukhonde la kuseri.

Chenjezo limodzi la m'nyengo yozizira: musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti muothe mukusinkhasinkha. Mpweya wa makala sununkha, umagonetsa ndipo umapha. Fundani chitenje kapena juzi, mbaula ikhale panja.

Mlongo wa ku Area 36:
Amayi, za masiku atatu mwanenazo zisakufooketseni. Ofufuza a ku University College London anapeza mu 2009 kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kanthu. Ndiye zija ena amati chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21 basi musazitengere. Choopsa ndi kuphonya kawiri motsatizana, chifukwa tsiku lachitatu mtima umati "zinatha kale". Pa tsiku la maliro, la alendo kapena mwana akadwala, khalani ngakhale mphindi imodzi, kupuma kakhumi kokha. Chongani pa kalendala ya pakhoma, maso aziona mzerewo ukukula.

Ana auzeni poyera kuti alamu isanalire amayi sayankha. Wamng'ono akabwera, mukhazikeni pamiyendo, musamuthamangitse, mwinanso azolowera nanu.

Ngati kuwerenga manambala kukuuma, tengani mawu amodzi a pemphero lanu, muziwatchula mumtima potulutsa mpweya. Njira ndi yomweyo.

Pomaliza, pali ena amene akakhala chete mtima umathamanga, kapena zowawa zakale monga imfa ndi nkhanza zimabwera mwamphamvu. Zikatero tsegulani maso, pondani pansi mwamphamvu, tchulani zinthu zisanu zimene mukuziona m'nyumbamo, ndipo lekezani pomwepo. Zikamabwerezabwereza, kapena ngati muli ndi chisoni chosatha kwa masabata, pitani kuchipatala mukalankhule ndi a zaumoyo wa maganizo. Amene ali pa mankhwala asawasiye chifukwa choti ayamba kusinkhasinkha.