Ndalama ya mwezi ikumatha pa 15, mwanayu ndimuphunzitse bwanji?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndikulera mwana wa malemu achemwali anga, ali chaka choyamba ku koleji kuno ku Blantyre. Malo ogona pasukulu sanapeze, ndiye akuchita lendi kachipinda ku Chitawira ndi mnzake. Lendi ndimapereka ndekha kwa eni nyumba, ufa umachokera kumudzi, ya ndiwo ndi zina ndimamuponyera pa Airtel Money mwezi ukatha. Koma pofika pa 15 foni yalira kale: "Amayi, kuno zatha."

Loweruka ndinangotulukira osamuuza. Thumba la ufa silinafike ndi pakati pomwe, mbaula ili zii, pansi pa bedi pali mbwee majumbo a chipisi cha pachiwaya. Mnzakeyo pondiperekeza anandinong'oneza kuti mwanayu akusewera juga ya kandege pafoni, ndiponso anatenga katapila. Mtima unandiwawa, chifukwa ndalamayi ndimaipeza poswera padzuwa ndi kaunjika mu Limbe.

Kukalipa ndingathe, koma chimene ndikufuna n'chakuti adziwe kusunga yekha, ine sindidzakhalapo mpaka kale. Kodi ndizimutumizira ya sabata imodziimodzi, kapena ndipitirize ya mwezi kuti aphunzire? Nanga katapilayo ndimubwezere?

Nachisale: Pepani mayi. Katapilayo thamangirani lero lomwe. Kwathu ku Ndirande ukatenga K20,000 umabweza K30,000 mwezi ukatha, ukalephera imaberekanso, kenako amadzanyamula laputopu. Kabwezeni muli naye limodzi, aone ndi maso, ndiye muzimudula pang'onopang'ono pa yake ya mwezi.

Bambo a Chisomo: Ya sabata ayi. Kumeneko ndi kumusungira, osati kumuphunzitsa. Akadzayamba ntchito malipiro adzabwera kamodzi pamwezi.

Nachisale: Achimwene, mwana woti wagwa kale mu kandege mungamupatse yonse? Ayambe ndi ya sabata, akaonetsa kusintha ikhale ya sabata ziwiri.

Mphunzitsi wa ku Soche: Musanaweruze, khalani naye pansi ndi kope. Alembe yekha, inu muzingomvetsera: makala, mafuta ophikira, bonya, soya, sopo, bando ya intaneti, kusindikiza ma assignment. Makolo ambiri tikutumizabe ndalama poganizira mitengo yakale, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mwina ndalamayo ndi yochepadi, ndipo kandegeyo anayamba pofuna kuichulukitsa. Tsiku loyamba lolandira muzipita naye kumsika wa Limbe akagule zosaola za mwezi wonse, yotsalayo aigawe panayi. Ngati ali ndi ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira a m'makoleji, mumuuzenso kuti si mphatso, adzabweza akamaliza sukulu.

Wophunzira chaka chachitatu: Amayi, ndiyankhuleko ngati mwana wanu. Chimatipweteka ndi manyazi. Anzako akamapita ku Chichiri kukadya, kunena kuti ndikakoleza mbaula kumalemera pakamwa. Ife tinapangana anthu anayi, timasonkha ndi kuphika mosinthana, ndalama imasunga mmodzi. Mumufunse za anzake amene amayenda nawo, koma mofatsa, mukamuopseza azingobisa.

Mwini funso: Zikomo nonse. Aphunzitsi, kope ndagula kale, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndikhala naye pansi. Koma za kandegezi palibe wandiyankha bwinobwino. Alipo amene mwana wake anasiyiratu? Munatani?