Bandi yaimba, mwini bala akukana kumaliza malipiro

Wa besi, Mbare: Akuluakulu, thandizani maganizo. Bandi ya anyamata asanu inagwirizana ndi bala ina m'tauni kuno ku Zimbabwe kuti iimbe usiku umodzi pa US$600. Analandira US$200 poyamba. Ataimba, mwini malo akuti pageti sipanalowe anthu, ndiye 400 yotsalayo kulibe. Pepala sanasainirane, zonse zili pa WhatsApp. Apite ku Labour, ku ofesi ya boma yoona za ntchito?

Mkulu wa zokuzira mawu, Highfield: Achimwene, ku Labour akataya nthawi. Labour Act, lamulo la za ntchito, imateteza wolembedwa ntchito, koma bandi ya usiku umodzi yobwera ndi zida zake imatengedwa ngati yogulitsa luso. Imeneyi ndi ngongole chabe, njira yake ndi Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa. Asanafike kumeneko alembe kalata yoitanitsa ndalama: tsiku loimba, mtengo wogwirizana, zomwe analandira, zotsala, ndipo apereke masiku 7. Makope awiri, imodzi wolandirayo asainire. Mauthenga aja asafufute ngakhale umodzi, asindikize papepala nambala ya foni ikuoneka, pamodzi ndi uthenga wa EcoCash (njira yotumizira ndalama pa foni) wa 200 ija. Chikole chimenecho ndiye umboni waukulu, munthu sapereka chikole pa pangano lomwe kulibe.

Mayi woyendetsa magulu a zovina: Zoona amalume, koma funso limodzi kaye. Mu mauthengamo muli mawu oti malipiro adalira geti? Ngati mulibe, kuchepa kwa anthu ndi mutu wa mwini bala. Wotsatsa anali iyeyo, si anyamatawo. Chinanso, afufuze amene analonjeza ndalamayo. Nthawi zambiri oimba amalankhula ndi pulomota, wokonza zoimbaimbazo, kenako n'kukasumira bala, mlandu n'kugwa chifukwa asumira munthu wolakwika. Ngati ndi pulomota, dandaulo lipitenso ku National Arts Council of Zimbabwe, poti ndi kumene mapulomota amalembetsa.

Wa besi, Mbare: Za geti mulibemo, mayi. Koma tsopano mwini bala akuti anadula msonkho.

Mlembi wa mabuku a ndalama: Apa pachenjeredwe. Lamulo lilipodi loti wolipira adule 30% ngati wolandira alibe tax clearance, chikalata chosonyeza kuti za msonkho wake zili bwino, chija cha ITF263, koma limayamba kugwira ndalama zikafika US$1,000 pachaka. Ngakhale likanagwira, 30% ya 600 ndi 180, osati 400. Ndipo wodulayo amayenera kupereka chikalata chosonyeza kuti ndalamayo yapita ku ZIMRA, bungwe lotolera msonkho. Achifunse chikalatacho, muona nkhani ya msonkho itazilala.

Mkulu wa zokuzira mawu, Highfield: Ndiwonjezere za mabandi oimba malo amodzi mlungu ndi mlungu, poti ambiri sadziwa. Ngati mwini malo ndiye amaika maola, zida ndi zake, malipiro ndi okhazikika, pamenepo Labour ingamve. Waganyu akapitirira milungu 6 yonse pamodzi m'miyezi 4 yotsatizana kwa bwana mmodzi, lamulo limamuona ngati wokhazikika. Nthawi yodandaula ku Labour ndi zaka 2, ngongole wamba zaka 3.

Mayi woyendetsa magulu a zovina: Ulendo wina anyamatawo atenge theka pogwirizana, theka linalo likhale m'manja akamaliza kuyesa zida, asanakhudze chingwe cha gitala. Alembenso ndalama yake, kaya ndi madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, ndi woti alipire galimoto yobwezera zida usiku. Ngati nyimbo zomwe anaimba ndi zopeka okha, akazilembetse ku ZIMURA, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo, imeneyo ndi ndalama ina yosakhudzana ndi 400 iyi.

Wa besi, Mbare: Zikomo akuluakulu. Kalata ipita Lolemba, ndipo dzina lolembapo ndi la mwini bala, poti 200 ija inachokera pa nambala yake.