Band ya 205 bp ikutuluka mu negative control

Mayi Tembo, Chipata: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Tikuyeza malungo pa magazi ouma a pa filter paper ndi nested PCR, njira yochulukitsa DNA ya kachilombo m'ma round awiri: round yoyamba ma primer (tizidutswa ta DNA tosankha gawo loti lichulukitsidwe) a rPLU, yachiwiri rFAL1 ndi rFAL2. Negative control ya madzi okhaokha, yomwe siyenera kutulutsa kanthu, ikutulutsa band (kamzere ka DNA pa gel) pa 205 bp (muyeso wa kutalika kwa DNA), mzere umodzi ndi positive ya falciparum, kachilombo ka malungo. Ndi yofooka koma pa UV ikuoneka. Zotsatira zonse ndayamba ndaziimika.

A Phiri, Katete: Kuimikako mwachita bwino. Koma si primer dimer imeneyo, ma primer ongomatana okhaokha? Ija imakhala mmunsi, yosafika 100 bp, ndipo imabalalika.

Mayi Tembo: Ayi a Phiri, ladder, mizere yoyezera kutalika kwa DNA, ikuonetsa bwinobwino. Yakhala pamwamba pang'ono pa 200, yowongoka ngati ailemba ndi rula.

A Zulu, Petauke: Nanga magetsi? Kuno akathima pakati pa run zonse zimasokonekera.

A Phiri: Magetsi akathima band imasowa, situluka pomwe panalibe. Taq, enzyme yochulukitsa DNA, sapeka DNA ya falciparum m'madzi. Ilipo yomwe yalowa mu chubumo.

Bambo Mwale, Lundazi: Pepani ndachedwa kulowa. Ife a ziweto vutoli timalidziwa poyeza chigodola, chifukwa Theileria parva, kachilombo koyambitsa matendawa, nayenso timamusaka ndi nested. Choopsa chake n'chakuti pakati pa ma round awiriwo mumatsegula chubu chodzaza ndi product, DNA yochulukitsidwa kale. Cycle iliyonse DNA imachulukana kawiri, ndiye ma cycle 30 akayenda bwino kachidutswa kamodzi kamabala makope oposa biliyoni. Kachivindikiro kakangoti phwa, timadontho tosaoneka timagwera pa magolovesi, pa rack, ngakhale mkati mwa pipette. Musathamangire kutaya ma reagent, ndi odula. Konzani master mix (ma reagent onse osakanizidwa pamodzi) ya round yachiwiri, muike ma control atatu. Loyamba mulitseke komweko kosakanizira, osalitsegulanso. Lachiwiri mulisiye lotsegula pa benchi yothirira template, DNA yoti iyezedwe. Lachitatu muthire madzi ndi pipette yomwe mumagwiritsa ntchito masiku onse.

Mayi Tembo: Ndamva bambo, ndichita lero lomwe.

Mayi Tembo: Gel yatuluka. Lotseka lija mulibe kanthu, lotsegula pa benchi mulibenso. Lachitatu band ili mbee, kuposa ya poyamba.

Bambo Mwale: Ndiye Taq, ma primer ndi madzi a mu mix zilibe mlandu. Pipette imeneyo imagwiranso ntchito yanji?

Mayi Tembo: Pipette ya P10 imeneyo tili nayo imodzi yokha. Ndi yomweyo imathira template, ndi yomweyonso imaika product mu gel. Koma timaipukuta ndi spirit m'mawa uliwonse.

A Phiri: Pamenepo ndiye pagona nkhani, mayi. Ethanol ya 70% imapha mabakiteriya koma DNA siyiwononga. Si ndi yomweyo timatsukira DNA pa extraction? Sungunulani bleach kufika 10%, mupukute benchi ndi ma rack, mudikire mphindi 10 mpaka 15, kenako mutsuke ndi madzi oyera chifukwa imadya chitsulo. Pipette ija muimasule kumunsi, shaft yokhayo muiviike, iume bwino musanabwezere.

A Zulu: Bwanji osangogula mix ya dUTP ndi UNG?

Bambo Mwale: UNG ndi enzyme yomwe imadula DNA yokhala ndi uracil basi, ndipo dUTP ndi imene imaika uracil mu product m'malo mwa thymine. Zomwe zamwazika kale mu labumo zili ndi thymine, siizikhudza. Komanso mu nested muzisamala: product ya round yoyamba ikakhala ndi uracil, UNG ya round yachiwiri idzadya template yanu yomwe. Ndalamayo bola mugulire filter tips, ma tip a pipette okhala ndi sefa yotchinga timadontho. Ndipo munthu akagwira gel asabwererenso kosakanizira mix tsiku limenelo, ngakhale atasintha magolovesi.

Mayi Tembo: Nanga ma sample omwe anatuluka positive yofooka?

A Phiri: Onse omwe anadutsa pa pipette imeneyo abwerezedwe, osati ofooka okha. Ngati inalowanso m'machubu a DNA, dulani kadontho katsopano pa filter paper muyambire potulutsa DNA ndi Chelex. Ndili ndi P10 yapadera yomwe sinayandikirepo gel. Ndipempha chilolezo kwa in-charge, ndiitumize pa minibasi ya mawa m'mawa. Muimate tepi yofiira, isachoke pa benchi ya template.