Mota ya miyendo pamalo pa mota ya fulanji: zingatheke?

Wa ku Luwinga:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mota ya pa makina oyengera mafuta a mpendadzuwa yapsa. Ndi ya 4kW, 1440 rpm, frame (nambala ya kukula kwa mota) 112M, B5, yomangidwa ndi fulanji (chimbale cha mabowo a mabawuti kutsogolo kwa mota) pa giyabokosi penipeni. Pashelefu pali ina ya 5.5kW, 132S, koma ndi ya miyendo, B3. Kodi ndingawotcherere chitsulo kutsogolo kwake n'kuimanga pomwepo? Matumba a mpendadzuwa angounjikana, kudikira yochokera ku Lilongwe n'kovuta.

Fitter wa ku Katoto:
Achimwene, musawotcherere. Chivindikiro cha kutsogolo kwa mota chimakhala cha cast iron kapena aluminiyamu, chikatenthedwa chimang'aluka kapena kupindika, ndipo mmenemo ndi momwe mumakhala bearing. Komanso fulanji si mabawuti okha. Pankhope pake pali kamlomo kozungulira, spigot, kamene kamalowa ndendende mu giyabokosi kuti mashafuti awiri ayang'anizane. Pa 112 kamlomoko ndi 180mm, mabawuti oyang'anizana atalikirana 215mm. Chitsulo chowotcherera pamanja sichingafike pamenepo. Chikalakwika ngakhale theka la milimita, makina ayamba kunjenjemera, oil seal ichucha mafuta, bearing ya giyabokosi itha msanga.

Koma vuto lalikulu ndi shafuti. Ya 112M ndi 28mm, kutalika 60mm, kiyi ya 8mm. Ya 132S ndi 38mm, kutalika 80mm, kiyi ya 10mm. Siingalowe m'bowo la giyabokosi yanuyo, ngakhale mutapeza fulanji ya 132, chifukwa iyonso ndi yaikulu: spigot 230mm, mabawuti pa 265mm.

Wa ku Luwinga:
Nanga shafutiyo titakaichepetsa pa lathe, makina osemera zitsulo aja?

Fitter wa ku Katoto:
Zimatheka, koma muyenera kutulutsa rotor (chimene chimazungulira m'kati mwa mota), kusema mpaka 28mm, kudula kutalika, kusemanso mpata wa kiyi, kenako kupangitsa adapter plate pa lathe yomweyo. Ndalama yake iposa ya kuwayinda mota yopsayo, ndipo mwawononga mota yabwino yoti ikanagwira ntchito pa makina a malamba. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Njira yachangu ndi iyi: sakani mota ya 112M ya miyendo, ya kampani imodzi ndi yopsayo, muchotse chivindikiro chake cha kutsogolo n'kuikapo fulanji ya yopsayo. Muyeze kaye ndi vernier pokhalira bearing ndi pa mabawuti ataliatali aja, chifukwa makampani osiyana sagwirizana pamenepa ngakhale frame ili imodzi. Mukapeza ya B35, yokhala ndi miyendo ndi fulanji pamodzi, imeneyo ingolowa. Musasokoneze ndi B14, ija ya fulanji yaing'ono ya mabowo a mazinga.

Mayi wa zamagetsi, Chibavi:
Bambo, musanamange ina fufuzani chimene chinaotcha yoyambayo. Kawirikawiri ndi phase imodzi mwa zitatu za magetsi a ESCOM kuchoka mota ili pa ntchito, kapena makina kutsamwa ndi zotsalira zouma za mpendadzuwa. Ikani phase failure relay, kachipangizo kozimitsa mota phase imodzi ikachoka. Overload, yomwe imazimitsa mota ikakoka magetsi opitirira muyezo, muikhazike molingana ndi ma amps olembedwa pa nameplate. Ya 4kW pa 400V imakoka cha m'ma 8A, pomwe ya 5.5kW imafika cha m'ma 11A, ndiye kukweza mota kukanafuna kusinthanso overload, mwinanso contactor, swichi yoyatsa ndi kuzimitsa mota. Muwerengenso ma volts: ikalembedwa 230/400V mulumikize mawaya ake mwa njira ya star, ikalembedwa 400/690V mwa njira ya delta. Muyatse kaye isanalowe mu giyabokosi, kiyi mutaichotsa, muone kumene ikuzungulirira. Ikabwerera m'mbuyo, sinthanitsani mawaya awiri okha mwa atatuwo.