Za mnzanga wa ku Japan uja, zayenda chonchi

Zikomo nonse munandiyankha ulendo uja, paja ndimafunsa za mtsikana wa ku Osaka yemwe tikukhala naye nyumba imodzi kuno ku Leeds ku England, ankangodzitsekera kuchipinda osayankhula, ine nkumaona ngati sakutifuna. Ambiri munati ndimutengere ku pate, koma ndinatsata za achemwali aja anati ndingomuitana kukhitchini tiphikire limodzi, osamupanikiza ndi mafunso.

Zinathekadi. Ine nsima, iye supu wa miso (supu wa kwawo wopangidwa ndi soya), nkhani zinangoyamba zokha. Kani sikudana nafe ayi, chikumusowetsa mtendere ndi kalasi. Akuti kwawo wophunzira amamvetsera aphunzitsi, pomwe kuno amafuna uzitsutsana nawo, ndiye iye akamakonza chiganizo m'mutu anzake adumphira kale mfundo ina. Chinanso sukulu ku Japan imayamba mu Epulo osati Seputembala, ndipo makampani amalonjeza anthu ntchito asanamalize digiri, ndiye akudandaula kuti anzake apeza malo iye ali kuno.

Amene mungakumane nazo, mukafunsa funso dikirani kaye, musamumalizire mawu. Komanso akati "ndiganizira" nthawi zambiri ndiye wakana, musakakamire. Pano Lamulungu madzulo timayeserera limodzi zokayankhula mkalasi, nsima akudyabe ndi timitengo take tija, ndangomuleka.